Solo inapsa, Lasem inatsala

Ku Lasem, katawuni ka m'mphepete mwa nyanja kumpoto kwa chilumba cha Java m'dziko la Indonesia, kuli kachisi wa Matchaina wotchedwa Gie Yong Bio. Mukalowamo mupeza zonse zimene mungayembekeze: zipilala zofiira, zinjoka zosema, utsi wa lubani umene wadetsa mitanda ya denga. Koma pa guwa lina pali kachifanizo ka munthu wovala Chijava, ndi kanduwira kumutu, ndipo Matchaina a m'tawuniyo amamufukizira lubani monga amachitira ndi makolo awo. Munthuyo ndi Raden Panji Margono, mwana wa banja lolamula la ku Lasem, Msilamu, Mjava weniweni.

Kuti afike pa guwalo, nkhani inayambira kutali, ku Batavia, mzinda umene lero ndi Jakarta, mu Okutobala 1740. Kampani ya Adatchi ya VOC inkaopa kuchuluka kwa Matchaina ogwira ntchito m'zigayo za nzimbe, amene ambiri anali pa ulova shuga atatsika mtengo. Kutabuka kuukira kunja kwa linga la mzinda, Adatchi anatembenukira Matchaina a m'kati mwa linga n'kupha anthu pafupifupi 10,000 m'masiku ochepa. Opulumuka anathawira kum'mawa kutsata gombe, ena n'kufika ku Lasem, kumene analandiridwa. Mbiri imene a ku Lasem amasunga imati Panji Margono anapangana ubale ndi atsogoleri awiri a Matchaina, Oey Ing Kiat ndi Tan Kee Wie, n'kunyamula zida limodzi kulimbana ndi kampaniyo, ndipo anafera pa nkhondo mu 1750. Kuukirako kunakula moti mu 1742 gulu la Matchaina ndi Ajava linalanda likulu la ufumu wa Mataram ku Kartasura. Mfumu Pakubuwono II, imene inayamba yawathandiza kenako n'kubwerera kwa Adatchi, inathawa. Itabwezeretsedwa pampando sinafunenso kukhala m'nyumba imene adani anaiponda, ndipo mu 1745 inasamukira ku mudzi wa Solo. Mzinda wa Solo, kapena Surakarta, unabadwa choncho, kuchokera ku nkhondo imene Mtchaina ndi Mjava anamenya ali mbali imodzi. Ndi Solo yomweyi imene inadzatentha masitolo a Matchaina mu 1998.

Ndinakhalako ku Semarang, mzinda waukulu wa pa gombe lomwelo, pa maphunziro, ndipo ndinaona kuti anthu a kumeneko akafuna kukutsimikizira kuti mitundu iwiriyi ndi pachibale, amakutengera kokadya. Malo oyamba ndi kanjira kopanikiza ka Gang Lombok, pafupi ndi kachisi wa Tay Kak Sie, kumene amakazinga lumpia. Ndi kachikopa kopyapyala ka ufa wa tirigu, m'kati aikamo mphukira za nsungwi zoduladula, dzira ndi tinkhanu ta m'nyanja, n'kukulunga. Fungo la nsungwizo limayamba lakukankha, kenako umazolowera mpaka kumalisowa. Amakupatsa ndi msuzi wolimba wotsekemera, tsabola wobiriwira ndi masamba a anyezi, uli pa benchi mawondo akugundana ndi a munthu wosamudziwa. Usanamalize, wina wayamba kale kukusimbira za Tjoa Thay Yoe, mwamuna wochokera ku Fujian ku China amene m'zaka za m'ma 1800 ankagulitsa chakudyachi ndi nyama ya nkhumba, ndi mayi wa Chijava dzina lake Wasih amene ankagulitsa chofanana nacho. M'malo molimbirana makasitomala anakwatirana, nkhumba n'kuchoka mu lumpia kuti Asilamu azidya nawo.

Nkhani zotere zilipo zambiri. Tahu wa soya, bakmi wonga supageti, bakso wa timipira ta nyama, zonsezi zinabwera ndi Matchaina, koma lero palibe Mjava amene amaziona ngati zakudya zachilendo. Chifukwa chake n'chosavuta. Kwa zaka mazana ambiri amene ankaoloka nyanja kuchokera kumwera kwa China anali amuna okhaokha. Ankakwatira akazi a m'dzikomo, ana n'kukula akuyamwa Chijava. Ma Huan, mlembi amene anayenda ndi zombo za Zheng He, mkulu wa zombo za mfumu ya China, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400, anapeza kale midzi ya Matchaina ku Tuban, Gresik ndi Surabaya, ambiri a iwo Asilamu. Zidzukulu za maukwati amenewa amazitcha Peranakan. Ku Solo mwana wa Mtchaina ndi Mjava amamutcha ampyang, dzina la switi ya mtedza womata ndi shuga wofiirira, poti mtedzawo amati ndi wa China, shugayo wa Java.

Zonsezi n'zoona, ndipo n'zokoma kumva. Koma ine ndinafika pozikayikira zikaperekedwa ngati umboni wa mtendere. Munthu akhoza kukonda ndiwo zako, kuvala nsalu yako, kuvina gule wako, mawa lake n'kudzakutolera mwala. Amene anathyola masitolo mu Meyi 1998 anakula akudya bakso ngati wina aliyense.

Kukanakhala kuti kusakanikirana kwa miyambo kumateteza, palibe mzinda ukanatetezeka kuposa Solo. Sewero la wayang wong, limene anthu amavina ndi kuimba nthano zakale, linali la kunyumba yachifumu kokha mpaka mu 1895, pamene Mtchaina wina, Gan Kam, analitulutsa n'kuliika pa nsanja kuti aliyense wolipira pakhomo aonere. Go Tik Swan, amene anabadwa mu 1931 m'banja la Matchaina opanga nsalu za batik, anaphunzira magule a kunyumba yachifumu mpaka kuvina pamaso pa Pulezidenti Sukarno, amene anamupempha kuti apange batik yoimira dziko lonse osati chigawo chimodzi. Nyumba yachifumu ya Surakarta inamupatsa dzina laulemu la Panembahan Hardjonagoro, ndipo pomwalira mu 2008 anali mmodzi mwa akatswiri odziwa za keris, mpeni wa makolo a Chijava.

Komabe ndi ku Solo komweko kumene amalonda a batik a Chijava a ku Laweyan, motsogozedwa ndi Haji Samanhudi, anakhazikitsa bungwe limene mu 1912 linakhala Sarekat Islam, ndipo china chimene chinawasonkhanitsa chinali mpikisano ndi Matchaina amene anagwira malonda a nsalu yoyera, phula ndi utoto. Mu Novembala 1980 mkangano wa pamsewu pakati pa mwana wa sukulu wa Chijava ndi mnyamata wa Chitchaina unasanduka chipolowe chimene chinafika mpaka ku Semarang ndi matawuni ena. Pa 14 ndi 15 Meyi 1998, chuma cha dziko chitagwa, Solo inayaka: masitolo akuluakulu, mabanki, magalimoto, nyumba. Anthu ankalemba ndi penti pa zitseko zawo kuti malowo ndi a pribumi, eni nthaka, kuti moto uwalambalale. Ku Jakarta sabata yomweyo kunafa anthu oposa 1,000, ambiri a iwo amphawi amene moto unawatsekera m'masitolo, ndipo azimayi a Chitchaina anagwiriridwa, monga linatsimikizira gulu lofufuza limene boma linakhazikitsa. Pa 21 Meyi Pulezidenti Suharto anatula pansi udindo.

Chidani chimenechi chinachita kumangidwa, ndipo omanga ake akudziwika. Pambuyo pa 1740 Adatchi anadziwa kuti Mtchaina ndi Mjava akagwirizana kampani imagwedezeka. Pang'ono ndi pang'ono anagawa anthu patatu pamaso pa lamulo: Azungu pamwamba, alendo a kum'mawa pakati, eni nthaka pansi. Mtchaina anakakamizidwa kukhala m'dera la Matchaina okhaokha, pansi pa kapitawo wa mtundu wake, ndipo kuti ayende ulendo ankafunika chiphaso, mpaka m'zaka za m'ma 1910. Choipa koposa chinali ntchito imene anamupatsa. Ufulu wotolera msonkho wa pamsika ndi wa pa zipata za m'misewu, wogulitsa mankhwala ozunguza bongo a opium ndi wobwereketsa ndalama pa chikole unkagulitsidwa kwa wopereka zambiri, ndipo ogula ambiri anali Matchaina olemera. Mlimi wosenza mpunga wake kupita kumsika ankaimitsidwa pa chipata chilichonse n'kulipira. Mzungu amene ndalamayo inkathera m'thumba mwake sankamuona, nkhope imene ankaiona tsiku ndi tsiku inali ya Mtchaina. N'chifukwa chake nkhondo ya Pangeran Diponegoro, kalonga wa Chijava amene anaukira Adatchi, itayamba mu 1825, ena mwa oyamba kuphedwa anali Matchaina a ku Ngawi, pasanathe ndi zaka 100 zomwe chichitikireni za ku Kartasura.

Amene anayesa kuoloka mpandawo anaona zakuda. Tan Jin Sing, kapitawo wa Matchaina ku Yogyakarta, analowa Chisilamu, ndipo mu 1813 Sultan Hamengkubuwono III anamupatsa udindo ndi dzina la Secodiningrat. A kunyumba yachifumu anamupekera mwambi womunyoza: Utchaina wausiya, Udatchi sanaufike, Ujava ngwosapsa.

Ufulu utabwera mpandawo sunagwe, unangosintha mwini. Mu 1959 boma la Sukarno linaletsa alendo kukhala ndi masitolo kumidzi, ndipo m'madera ena asilikali anakweza mabanja pa malole mokakamiza. Anthu oposa 100,000 anapita ku China, dziko limene ambiri a iwo anali asanalipondepo. Mmalawi akamva zimenezi sangalephere kukumbuka za m'ma 1970, pamene boma la Kamuzu linachotsa Amwenye m'misika ya kumidzi n'kuwauza kuti malonda azikachitira m'mizinda ikuluikulu. Amene anakulira kumudzi akuidziwa mizere ya masitolo a makonde aatali imene inatsala ikugumuka. Lamulo lotere limachotsa wamalonda pamalo pamene ankadziwika ndi dzina, pamene ankakongoza mchere ndi palafini mpaka nthawi yokolola, n'kukamuika m'tawuni mmene anthu amangomudziwa ndi mtundu wake.

Suharto anabwera ndi njira ina, yofafaniza. Sukulu za Chitchaina zinatsekedwa, ndipo lamulo la pulezidenti nambala 14 la 1967 linaletsa kuchita miyambo ndi zikondwerero za Chitchaina poyera. Pa fomu ya kasitomu ya pa bwalo la ndege, mabuku a Chitchaina ankalembedwa pa mndandanda umodzi ndi mankhwala ozunguza bongo. Mabanja anakankhidwa kuti asinthe mayina: Liem anakhala Salim, Oey anakhala Wijaya, Tan anakhala Sutanto. Koma boma lomwelo linkaika chizindikiro chapadera pa ziphaso zawo, n'kumawafunsa kalata yotsimikiza unzika imene Mjava sankafunsidwa. Usilikali ndi ntchito za boma zinali zovuta kulowa, kotero anatsala ndi malonda. Pamwamba pake, amalonda ochepa olemera zedi monga Liem Sioe Liong anali pa ubwenzi wa ponda apa m'pondepo ndi banja la pulezidenti. Mkwiyo umene anthu anali nawo pa ochepawo unadzagwera wa kagolosale ka pakona.

Mu Meyi 1998 uja Lasem sinapse. Si kuti kunalibe chotentha. Tawuniyi ili ndi nyumba zakale za Matchaina zambirimbiri, za mipanda yoyera italiitali ndi zitseko zolemera za matabwa, moti anthu amaitcha China wamng'ono. Si kumalo kobisikanso kumene mphekesera sizifika, chifukwa ili pa msewu waukulu wa pakati pa Semarang ndi Surabaya, uja bwanamkubwa wa Adatchi, Daendels, anamangitsa ndi thangata mu 1808. Atsogoleri a Chisilamu, amene kumeneko amawatcha kiai, anakhala pansi ndi akuluakulu a Matchaina n'kugwirizana kuti Lasem ndi ya onse, ndipo anthu anawamvera.

Sindikunena kuti Ajava a ku Lasem ndi oyera mtima kuposa a ku Solo. Solo ndi mzinda waukulu, ndipo ofufuza anapeza kuti m'mizinda imene inapsa munali anthu obwera, okonzekera, amene ankayatsa moto woyamba n'kusowa. Katawuni kakang'ono mwina analibe nako ntchito. Koma woyatsa moto amafuna khamu lomutsatira, ndipo khamu limavuta kulipeza pamalo pamene aliyense ali ndi ngongole kwa mnzake.

Ngongole imene ndikunena si ya ndalama yokha. Ku Java nyumba makumi angapo zimapanga kagulu kotchedwa RT, kokhala ndi wapampando wake, ndipo kaguluka kali ndi ntchito zimene munthu sangazithawe osanenedwa. Kumene ndinkachita lendi, pakhomo lililonse ankapachikapo kachitini. Madzulo mwini nyumba ankaikamo kandalama kachitsulo, ngakhale kale unkakhala mpunga wotapa ndi zala, ndipo usiku abambo amene ili nthawi yawo ya ulonda ankazungulira ndi tochi kutolera, akugogoda kang'oma ka nsungwi kuti ogona adziwe kuti kunja kuli anthu. Ndalamayo ndi yogulira mababu a m'kanjira, mipando ya pa maliro, kapena kuthandiza wodwala. Kandalamako pakokha sungagule nako kanthu. Phindu lake n'lakuti usiku uliwonse munthu amafika pakhomo pako, ndipo kachitini kakapezeka kopanda kanthu kangapo amagogoda kufunsa ngati kuli bwino. Amayi nawo ali ndi arisan, chipereganyu chawo, chimene chimazungulira nyumba ndi nyumba, kotero kuti mwezi wina mayi wa hijabu amapezeka atakhala pa mkeka akumwa tiyi m'nyumba imene ili ndi guwa la makolo pakona.

Koma muyeso weniweni ndi maliro, ndipo apa Mmalawi safunika kumufotokozera zambiri. Tikudziwa kuti amene sapita pa maliro a anzake, akadzaferedwa adzukulu amangokhala pansi n'kumuuza kuti akumbe yekha. Ajava nawonso amawerenga amene wabwera kudzakhuza, amene mkazi wake wabwera kudzathandiza kuphika, ndi amene wangotumiza envulopu. Dandaulo limene ndinkalimva kawirikawiri ku Semarang ponena za Matchaina olemera silinali lakuti amapembedza mosiyana kapena amadya nkhumba. Linali lakuti ikafika nthawi yawo ya ulonda amalipira munthu wina, pa ntchito yokonza ngalande amatumiza wantchito ndi katoni ya zakumwa, pa maliro amatumiza maluwa. Ndalama yawo imafika, iwo osafika. Mjava wolemera amachitanso chimodzimodzi, koma iye akatero anthu amati uja ndi wonyada, pamene akatero Mtchaina amati ndi mmene alili Matchaina.

Ku Lasem, m'dera la Karangturi, pakati penipeni pa nyumba za Matchaina, pali sukulu yogonera ya Chisilamu ya Kauman, imene Gus Zaim anatsegula mu 2003 m'nyumba yakale ya Mtchaina. Inabwera za 1998 zitadutsa kale, koma inamera pa nthaka yolimidwa, popeza agogo ake, Kiai Ma'shoem, ankadziwika ndi kukhala bwino ndi anansi a Chitchaina. Zilembo za pa chitseko sanazichotse, pakhonde pamalendewera nyali zofiira, ndipo kanyumba ka alonda ka pafupi anakamanga ngati kakachisi, ndi mawu a Chiarabu ndi Chitchaina olimbikitsa kulemekeza mnansi. Alendo amajambula zimenezi n'kumapita. Zimene sajambula ndi zakuti mnansi wa Chitchaina akamwalira, ophunzira a sukuluyo amatumidwa kukakhuza ndi kukathandiza ntchito za pamaliro, ndipo sukulu ikakhala ndi mwambo anansiwo amabwera kudzathandiza. M'mawa abambo a mitundu yonse amakumana m'tinyumba ta khofi kumwa kopi lelet, khofi wosinja kwambiri amene nsenga zake amazipaka pa ndudu ndi kamtengo, kujambula timaluwa, asanaisute. Ntchito yopanda pake imeneyi imadya nthawi, ndipo nthawiyo ndi imene amauzana za amene wadwala, amene mwana wake akukwatiwa, amene fizi yamuvuta. Kupatsa n'kuika, anatero akuluakulu athu, ndipo a ku Lasem anali ataika kwa zaka zambiri.

Chomangira china ndi nsalu. Ndinalowa m'nyumba ina yopangira batik kuseri kwa mipanda yoyera ija. Kutsogolo kuli guwa la makolo ndi zithunzi zakale. Kuseri, pansi pa denga la matailosi, azimayi a Chijava ochokera m'midzi yozungulira akhala pa timipando tatifupi mozungulira kambaula, phula likusungunuka m'kapoto. Aliyense ali ndi canting, kachikho ka mkuwa kokhala ndi kamlomo kopyapyala. Amatunga phula, kuuzira kamlomoko kamodzi, n'kulemba pa nsalu yoyera yopachika pa kathandala. Pamene padutsa phula utoto sulowa. Nsalu imodzi yabwino imatha miyezi. Pa nsalu yomweyo pali mbalame ya hong ndi chinjoka za ku China, ndere za m'nyanja ya Lasem zotchedwa latohan, ndi timiyala toswekasweka tokumbutsa makolo amene anaphwanya miyala ya msewu wa Daendels. Kufiira kwake, kumene amati magazi a nkhuku, kale kunkachokera ku mizu ya mtengo wa mengkudu, ndipo kunatchuka moti nsalu yotchedwa tiga negeri amati inkayenda m'matawuni atatu: kufiira ku Lasem, buluu ku Pekalongan, kufiirira ku Solo. Chitenje chimene amayi athu amachitcha java ndi mdzukulu wa nsalu zimenezi. Mafakitale a ku Netherlands anayesa kutsanzira batik ndi makina m'zaka za m'ma 1800, Ajava sanaikonde, koma inakapeza msika kumadzulo kwa Africa n'kufalikira mpaka kwathu.

M'nyumba zambiri zotere mayi wolemba phula analowa m'malo mwa mayi ake, amenenso analowa m'malo mwa agogo. Bwana amawadziwa ana ake ndi mayina, amakongoza ndalama ya chipatala, amapita ku ukwati kumudzi. Ndi ubale weniweni, ndipo munthu satentha nyumba imene mayi ake amalandirako malipiro. Koma tisaukometse kuposa mmene ulili. Kwa mibadwo yambiri chinsinsi cha kasakanizidwe ka utoto chinali cha banja la bwana, chosiyira ana okha, pamene wolemba phula ankalandira zochepa, ndipo mpaka lero ntchitoyi silemeretsa woigwira. Mtendere wa ku Lasem unakhala pa kudalirana kwa anthu osalingana. Chimene chasintha n'chakuti batik itadzukanso, makamaka UNESCO itaizindikira mu 2009, Ajava ambiri amene anaphunzira ntchitoyi m'nyumba za Matchaina anatsegula zawo, ndipo tsopano ali ndi antchito awoawo. Kwa ine ichi ndi chizindikiro chodalirika kuposa nyali zofiira za pakhonde.

Pa dziko lonse, amene anagwetsa chigawo chachikulu cha mpanda anali Mjava wa ku Jombang, Abdurrahman Wahid, wodziwika kuti Gus Dur, mdzukulu wa amene anayambitsa Nahdlatul Ulama, bungwe lalikulu la Asilamu m'dzikomo. Atakhala pulezidenti, mu 2000 anafafaniza lamulo lija la 1967, ndipo ankanena poyera kuti iyenso ali ndi magazi a Chitchaina. Megawati, amene anamulowa m'malo, anapitiriza, chaka chatsopano cha Matchaina n'kukhala holide ya dziko lonse kuyambira 2003. Mu 2004 Matchaina a ku Semarang anasonkhana mu Tay Kak Sie n'kumutcha Gus Dur tate wawo. Anamwalira mu 2009, ndipo patapita zaka zingapo bungwe lakale la Matchaina a ku Semarang la Rasa Dharma, limene linayamba mu 1876, linaika kathabwa ka dzina lake pa guwa la makolo, pakati pa mayina a Chitchaina. Poti nsembe ya makolo imafuna nyama ya nkhumba, anaichotsa n'kuikapo ya mbuzi, kuti kiai asapatsidwe chimene sankadya ali moyo.

Ufulu umenewu unabala zikondwerero. Ku Solo, m'dera la Sudiroprajan pafupi ndi msika wa Pasar Gede, kumene Matchaina ambiri si olemera ndipo akwatirana ndi Ajava kwa mibadwo, mu 2007 anayambitsa Grebeg Sudiro. Anatenga mwambo wa kunyumba yachifumu wonyamula mulu waukulu wa zakudya, n'kuumanga ndi makeke omata a mpunga a chaka chatsopano cha Matchaina. Khamu limalimbirana makekewo, mikango yovina ikudutsa, ndipo ambiri mwa anyamata amene ali m'kati mwa mikangoyo ndi Ajava. Akuluakulu a mzinda amachikonda chifukwa chimakopa alendo. Sindichinyoza ayi. Mwana amene wakula akuona chinjoka chikuvina pamsewu wa kwawo sanganamizidwe msanga kuti eni ake ndi obwera. Koma chikondwerero chimabwera kamodzi pachaka, pamene kachitini kaja n'ka usiku uliwonse.

Palinso zina zimene chinansi sichingakonze. Pa kalembera wa 2010 amene anadzitcha Matchaina anali 2.8 miliyoni, 1.2 peresenti ya anthu onse, pamene Ajava anali 40 peresenti. Gulu lochepa chonchi likalembedwa molakwika m'buku la boma lilibe mavoti okwanira kudziombola. Ku Yogyakarta, mtunda wa ola limodzi pa sitima kuchokera ku Solo, kalata imene wachiwiri kwa bwanamkubwa anasaina mu 1975 ikugwirabe ntchito: nzika imene si pribumi singakhale ndi malo akeake, imangopatsidwa chilolezo chomangapo kwa zaka zowerengeka. Amene anakasuma ku khoti sanaphule kanthu. Ndiye mungapeze banja limene lakhala mumzindawo kuyambira nthawi ya Tan Jin Sing, lolankhula Chijava chaulemu chimene achinyamata ambiri a Chijava chikuwavuta, losaphonya maliro alionse a m'dera, koma nthaka imene pali nyumba yawo si yawo. Oikira kumbuyo kalatayo amati imateteza osauka kuti olemera asawagule malo onse. Chikanakhala chimenecho, ikanaletsa olemera, osati mtundu.

Ku Lasem vuto ndi lina. Nyumba zambiri za mipanda yoyera zatsala ndi nkhalamba imodzi kapena ziwiri ndi wantchito wozisamalira. Ana anapita ku sukulu ku Surabaya, Semarang ndi Jakarta osabwereranso, amangofika pa chaka chatsopano ndi pa nthawi yosesa manda a makolo. Nyumba zina zasanduka malo ogona alendo, zina anazitseka mazenera kuti mbalame zimangemo zisa zogulitsa, zina zinagulidwa ndi ofuna matabwa akale amene amaphwasula n'kunyamula pa lole. Ambiri mwa anawo akukhala m'madera a mpanda ndi geti, mmene ulonda ndi ntchito ya anthu olipidwa pamwezi, ndipo mnansi umamudziwa ndi galimoto yake. Ana ophunzira a Ajava nawonso akulowa m'madera omwewo. Amagwira ntchito mu ofesi imodzi, ena amakwatirana, kalata ya unzika ija inatha ntchito, ndipo pa malamulo ambiri ndi olingana kuposa mmene makolo awo analiri. Koma palibe amene amazungulira ndi tochi, ndipo maliro amachitikira m'nyumba yolipira, chakudya chake cha oda. Makhalidwe atsopanowa sanakumanepo ndi chaka chonga 1998.